Kulemba ndi Kusoka Kabuku ka Nthano Yodabwitsa ka Ana

Makolo ndi aphunzitsi ambiri amayamba ndi mtima wonse. Agula kope, alemba mutu, alemba "Kalekale padali kamtsikana", kenaka nkhani ija ingoyendayenda masamba khumi ndi asanu popanda chogwirika. Akamuwerengera mwana, pofika tsamba lachitatu mwanayo wayamba kale kufunsa ngati nsima yapsa. Ena nkhani amaimaliza bwinobwino, koma kabuku kake kamathothoka masamba sabata isanathe.

Malangizo ali m'munsimu ndi a kabuku ka masamba 32 ka mwana wa zaka 5 mpaka 8, konena za ubwenzi wa mwana ndi kanthu kodabwitsa, monga tianthu ta mapiko tija timapezeka m'nthano za ku Ulaya. Kompyuta siyofunika, ndipo simuyenera kuchita kukhala katswiri wojambula.

Zofunika kukhala nazo

- Mapepala a A4 osalembedwa 24: asanu ndi atatu oyeserera, asanu ndi atatu a kabuku kenikeni, otsalawo osinthira pomwe mwalakwitsa
- Pepala limodzi lolimba la manila, la chikuto
- Kope lolembamo nkhani
- Pensulo, chofufutira, lula ndi cholembera chakuda
- Chekeni kapena mapensulo amitundu
- Singano yaikulu, ulusi wolimba (wa osoka nsapato uja ndi wabwino) ndi kachidutswa ka kandulo
- Kamsomali kobowolera ndi lezala latsopano
- Selotepi yaikulu yoonekera mkati
- Ana atatu kapena anayi omwe si anu, oti adzamve nkhaniyo

Kumanga nkhani

1. Sankhani mwana mmodzi ndi vuto limodzi. Mpangankhani wamkulu akhale mwana wamsinkhu wa wowerengayo kapena womuposa chaka chimodzi. Mupatseni dzina, pakhomo, ndi chinthu chimodzi chomwe chikumusowetsa mtendere. Vutolo likhale losaposa msinkhu wake: mbuzi ya agogo yasowa, mnzake wapamtima wasiya kumuyankhula, akuopa kuwoloka mlatho wamitengo popita kusukulu. Lembani nkhani yonse m'chiganizo chimodzi pamwamba pa kope. Mwachitsanzo: "Tadala apulumutsa kanthu ka mapiko komwe kakodwa pa ulimbo, kenaka mbuzi ya agogo ake isowa dzuwa likulowa."

Chenjezo: chiganizocho chikakana kutha popanda "ndiponso" katatu, ndiye kuti muli ndi nkhani zitatu. Sungani ziwirizo m'kope, mudzalemba chaka chamawa.

2. Umbani kanthu kodabwitsako ndipo mukaikire lamulo. Apa m'pomwe pagona kabuku konse, choncho musathamange. Anthu ambiri amangotenga kamtsikana kachizungu ka mapiko ndi kandodo ka nyenyezi n'kukaika pansi pa mtengo wa mango. Mwana amakaona kuti ndi kachilendo, ndipo wolembayo sadziwa chomwe kamadya, komwe kamagona, ngakhale chomwe kamaopa. Yang'anani pafupi ndi khomo lanu. Ziphaniphani za m'dambo nthawi ya dzinja, mphako ya mlambe, chulu chomwe chatulutsa ngumbi mvula itakata, chitsime chomwe sichiphwa m'chilimwe, zonsezi ndi nyumba zokwana kanthu kotere. Mu chitsanzo chathu kanthuko tikatcha Kaphani. Ndi kotalika ngati chala chamkombaphala, kamakhala mu mkuyu wa kuchitsime, kamamwa mame okha, ndipo kamawala kumsana.

Tsopano lamulo. Kanthu komwe kangachite chilichonse nthawi iliyonse kamapha nkhani, chifukwa mwana amafunsa funso loyenera: nanga bwanji sikanangobweza mbuziyo patsamba loyamba? Kaphani kangachite zodabwitsa katatu kokha mwezi usanaonekenso, ndipo kakachita kamodzi kuwala kwake kumachepa. Kakamaliza katatu konse kamazima, ndipo kakazima sikangaone njira yobwerera ku mkuyu. Lamulolo linenedwe msanga, lisanafike tsamba 10, ndipo musaliphwanye inu eni ake pomwe nkhani yakuthinani.

Nkhani zathu zakale zimadziwa kale za malamulo otere. Anthu okhala m'munsi mwa phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, amasimba kuti munthu angapeze chakudya chokonzakonza m'phirimo, ndipo ayenera kudya yekha osaitana mnzake. Tangoganizani mwana yemwe wapeza chakudya chotere pomwe mnzake ali ndi njala kuseri kwa thanthwe. Nkhani yayamba kale pamenepo, ndipo palibe chomwe mwabwereka kunja.

Chenjezo: mungakopeke kutenga Akafula, aja nthano zimawatcha Amwandionerapati, n'kuwasandutsa tizidole toseketsa. Akafula adali anthu enieni omwe adakhala m'dziko muno, ndipo zojambula zofiira za pamiyala ya ku Chongoni, ku Dedza, malo omwe UNESCO idawazindikira mu 2006, akatswiri amati ndi zawo. Mukawaika m'nkhani, aikeni ngati anthu.

3. Ikani mpanda pakati pa zodabwitsa ndi ufiti. Wolemba wa ku Ulaya sada nkhawa ndi ichi, koma inu muyenera kutero, chifukwa kabuku kamayamba kudutsa m'manja mwa kholo, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo kasanafike kwa mwana. Zinthu zina zikangooneka pachithunzi, kabukuko kabisidwa pansi pa matiresi: kuuluka pa lichero, kukumana kumanda usiku, nsupa, kukwera fisi, munthu wamkulu woitana mwana usiku kuti "usauze amayi ako". Zichotseni zonsezi. Zodabwitsa za m'kabuku ka ana zichitike masana kapena madzulo anthu akadali panja, zichokere ku mtengo, madzi, mbalame kapena nyimbo, ndipo zikhale zoti mwana angakafotokozere amayi ake mosaopa.

Pali china cholemera kuposa kuopa makolo. M'midzi ndi m'matauni mwathu okalamba amamenyedwa, ena kuphedwa kumene, atanamiziridwa ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Ana nawonso amanamiziridwa. Musalembe nkhani yomwe woipa wake ndi gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, ndipo musalumikize munthu wachialubino kapena wolumala ndi mphamvu zachilendo, zabwino kaya zoipa. Mukafuna woipa, nthano zathu zili ndi Fisi wadyera. Kawirikawiri simumufunanso: mdima, mvula ndi kusamvana kwa anzake zimakwana.

4. Yesani ubwenziwo. Kulemba kuti "adali mabwenzi apamtima" sikupanga ubwenzi. Mwana ayenera kuona wina akutaya kanthu chifukwa cha mnzake. Taonani mmene zingayendere. Tadala amasula Kaphani pa ulimbo womwe anyamata adatchera mbalame, akukapukuta mapiko ndi dontho la mafuta ophikira. Pothokoza, Kaphani kamuuza za zodabwitsa zitatu zija. Choyamba Tadala apempha mandasi. Chachiwiri apempha kuti apambane fulaye, ndipo popambanapo anyoza mnzake Chisomo, yemwe achoka akulira. Madzulo ake mbuzi ya agogo siikubwera. Kaphani kati, "Ndatsala ndi kamodzi, nena." Tadala ayang'ana kamsana kaja, aona kuti kuwala kwatsala pang'ono ngati khala lam'phulusa, ndipo akana.

Nanga mbuzi aipeza bwanji? Apita kukapepesa Chisomo, yemwe amadziwa mapazi a ziweto chifukwa amaweta ndi achimwene ake. Atenga mbale ya madeya, atsata mapazi mpaka kudambo, Kaphani kakuwaunikira ndi kuwala kochepa komwe katsala nako.

Chenjezo: vuto lithetsedwe ndi mwana. Kanthu kodabwitsa kangathandize, akuluakulu angadikire pakhomo ndi nyali, koma yemwe aganize chochita ndi mwanayo. Nkhani zambiri zolembedwa ndi aphunzitsi zimathera pomwe ahedi kapena amfumu atulukira n'kukonza zonse. Mwana womvera amadziwa kuti wamanidwa gawo lake.

5. Ikani kanyimbo. Aliyense yemwe adakhalapo pamoto wina akuti "Padangokhala" ena n'kumavomera "Tili tonse" akudziwa kuti nthano yopanda nyimbo imagonetsa. Pekani mizere iwiri, wina wotsogolera wina wovomera, ndipo ibwere katatu m'kabukumo:

*Kaphani, Kaphani, wala!*
*Ndawala, ndawala, tiye!*

Kachitatu kasinthe pang'ono. Pomwe Tadala wakana chodabwitsa chomaliza, angaimbe kuti "Kaphani, Kaphani, puma!" Mwana yemwe sanadziwe kuwerenga amagwira mizere iyi msanga, ndipo amayamba kuiloza ndi chala patsamba.

Kuika nkhani pamasamba

6. Pindani kabuku koyeserera. Tengani mapepala asanu ndi atatu, muwasanjike pamodzi, muwapinde pakati. Mwapeza masamba 32, omwe ndi muyezo wa timabuku tambiri ta zithunzi. Lembani manambala ndi pensulo kuyambira 1 mpaka 32 mapepalawo akadali olowetsana. Tsamba 1 ndi la mutu ndi dzina lanu, 2 ndi 3 ndi a chaka, malo ndi mawu opereka kabukuko kwa yemwe mwamulembera. Nkhani iyambe pa 4 ndipo ithe pa 31 kapena 32. Mukatero muli ndi magulu 14 a masamba awiriawiri oyang'anizana. Bungwe la Book Dash la ku South Africa, lomwe lidayamba mu 2014, limapanga timabuku take pa magulu otere 12 okha, choncho musadandaule kuti malo achepa.

Pa masamba awiri alionse lembani ndi pensulo chinthu chimodzi chomwe chikuchitika. Vuto lioneke pofika tsamba 8 kapena 9. Pampondachimera, pomwe Tadala akukana, pakhale cha pa 24 mpaka 27. Zotsalazo zithe msanga.

Chenjezo: chodzidzimutsa chisakhale pa tsamba lakumanja pomwe mwana akuchiona kale inu mukuwerenga lakumanzere. Malizani tsamba lakumanja ndi mawu oti "Atasuzumira m'mphakomo, adaona..." ndipo chomwe adaonacho chidikire kuseri. Dzanja la mwana lidzathamangira kutembenuza lokha.

7. Lembani mawu, kenaka muwadule. Kabuku konse kasapitirire mawu 500. Tsamba limodzi likhale ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu. Mawu athu amatalika chifukwa amanyamula zambiri, choncho "sadakamuuzenso" ndi phiri kwa mwana wa Sitandade 1 yemwe akuwerenga phatikizo ndi phatikizo. Ngati kabukuko ndi koti mwana awerenge yekha, chulukitsani mawu a maphatikizo osavuta monga "mame", "wala", "gogo", ndipo a mtundu wa "nkhw", "ntch" ndi "mphw" abwere apo ndi apo. Ngati ndi koti wamkulu amuwerengere, masukani, ndipo musaope mawu okometsera: mbuzi idangoti zii, kuwala kudati phethi phethi, Tadala adakhala pansi khwatsa.

Chomwe chithunzi chidzaonetse musachilembe. Ngati Tadala wavala diresi yofiira pachithunzi, mawu asabwerezenso zimenezo. Sankhaninso njira imodzi ya nthawi yakale, "adapita" kapena "anapita", ndipo muigwiritse kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

8. Werengerani ana musanajambule chilichonse. Ana anu adzakuuzani kuti ndi yabwino chifukwa ndinu amayi kapena abambo awo. Itanani a kwa aneba. Werengani mokweza, maso anu ali pa iwo. Pomwe ayamba kutsinana ikani kamtanda ndi pensulo, pamenepo padulidwe. Pomwe lilime lanu lapunthwa, chiganizocho chilembedwenso. Mukamaliza musafunse kuti "mwaphunzirapo chiyani?" Afunseni kuti akufotokozereni nkhaniyo. Akalephera kunena lamulo la Kaphani, ndiye kuti simunalinene momveka.

9. Jambulani. Yambani mwajambula mpangankhani aliyense papepala lapadera: kutsogolo, chammbali, akuseka, akulira. Mupatseni chizindikiro chimodzi chosasintha, monga duku lachikasu kapena dzino loguluka, kuti mwana amuzindikire patsamba lililonse ngakhale nkhope itakuphonyani. Siyani malo oyera a mawu, ndipo musajambule nkhope kapena kulemba mawu pafupi ndi mopinda. Zilembo zikhale zazikulu, zosalumikiza, zofanana ndi zomwe mwana amaphunzira pabolodi. Lembani mizere yopepuka ndi lula ndi pensulo, mudzaifufute inki ikauma.

Kuti kanthu kaoneke kochepa, kaikeni pafupi ndi chinthu chomwe mwana amadziwa kukula kwake: kakhale pamphepete mwa chikho, kabisale kuseri kwa chitsononkho. Kuwala kwake kuchepe pachithunzi monga mmene kukuchepera m'mawu. Ana amaziona zimenezi akuluakulu asanazione.

Chenjezo: zolembera zamitundu za inki zimadutsa pepala wamba n'kuwononga tsamba lakuseri. Gwiritsani chekeni kapena mapensulo amitundu. Ngati simutha kujambula n'komwe, pezani wophunzira wa ku sekondale waluso, mugwirizane malipiro musanayambe, ndipo dzina lake lilembedwe pachikuto pamodzi ndi lanu.

Kusoka

10. Samalani dongosolo la masamba. Apa m'pomwe ambiri amalira ku fotokope. Mukamasula mapepala opinda aja, masamba satsatana. Pepala lakunja lili ndi 32 kumanzere ndi 1 kumanja, kuseri kwake kuli 2 ndi 31. Pambali iliyonse manambala awiriwo akaphatikizidwa apange 33. Akapanga nambala ina, mwasokoneza. Pepala lapakati lokha ndi lomwe lili ndi masamba otsatana, 16 ndi 17, choncho chithunzi chachikulu chodutsa mopinda chiikeni pamenepo. Mukafuna makope ambiri, jambulani ndi cholembera chakuda chokha, mupangitse fotokope mbali zonse ziwiri, ndipo ana adzapake okha mitundu. Uzani wa fotokopeyo ayambe watulutsa kope limodzi, mulipinde pomwepo, muwerenge kuyambira 1 mpaka 32 asanatulutse ena.

11. Bowolani ndi kusoka. Dulani manila kuti apose mapepala pang'ono mbali zonse, mumupinde, muike mapepala mkati. Tsegulani pakati, pa 16 ndi 17. Bowolani mabowo atatu pamzere wopinda: limodzi pakatikati, ena awiri masentimita 4 kuchokera kumwamba ndi kumunsi. Dulani ulusi wa masentimita 70 ndipo muukhuze pakandulo kuti usapotane.

Lowetsani singano pabowo lapakati kuchokera mkati kupita kunja, musiye kamchira mkati. Bwererani mkati kudzera pabowo lam'mwamba. Dumphani lapakati, mutulukire pabowo lam'munsi. Lowaninso mkati kudzera pabowo lapakati. Nsonga ziwirizo zikhale uku ndi uku kwa ulusi wautali uja, kokani pang'onopang'ono, mumange mfundo ziwiri pamwamba pake.

Chenjezo: mukakoka mwamphamvu ulusi umang'amba pepala kuchokera pabowo. Mawaya a sitepula ndi achangu, koma amachita dzimbiri m'dzinja ndipo amabaya tizala. Mukatseka kabukuko mudzaona masamba apakati atatuluka pang'ono. Kanikizani lula, mudule ndi lezala kangapo mopepuka, osati kamodzi mwamphamvu. Matani selotepi pamsana ndi m'mphepete mwa chikuto, ndipo kabukuko kagone usiku umodzi pansi pa chinthu cholemera.

12. Kafikitseni kwa ena. Ngati muli ndi foni ya intaneti, African Storybook, yomwe bungwe la Saide la ku South Africa lidakhazikitsa, ndi StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India zimalola munthu kuika nthano yake ndi kugwiritsa ntchito zithunzi zomwe zilipo kale. Werengani bwino chilolezo musanavomere: nkhani zambiri kumeneko zili pansi pa Creative Commons, kutanthauza kuti ena angazisindikize, kuzimasulira ndi kuzisintha popanda kukulipirani, bola atchule dzina lanu. Ngati cholinga chanu ndi kugulitsa, yambani mwafunsa a COSOMA, bungwe loteteza ntchito za alembi ndi aluso, za umwini wa ntchito yanu.

Zolakwika zomwe zimabwerabwera

*Ulaliki patsamba lomaliza.* "Choncho ana inu, tiyenera kukonda anzathu." Chiganizo chimenechi chimapezeka pafupifupi m'nkhani iliyonse yoyamba. Chichotseni. Mwana waona kale Tadala akugogoda pakhomo pa Chisomo, ndipo wamva.

*"Adadzidzimuka, adali maloto."* Mwana wayenda nanu masamba makumi atatu, wada nkhawa ndi Kaphani, kenaka mumuuza kuti padalibe kanthu. Sadzakukhulupiriraninso pa kabuku kachiwiri.

*Chiyambi chachitali.* Mudzi, mfumu yake, mitsinje yake ndi mayina a abale onse a Tadala sizifunika. Tsamba 4 liyambe Tadala ali kale panjira ya kuchitsime, ndipo pa 5 amve kulira mu mkuyu.

*Kuchulutsa ampangankhani.* Atatu akwana, wachinayi akhale agogo kapena mbuzi. Mayina asafanane poyambira: Tadala ndi Tamanda m'kabuku kamodzi amasokoneza mwana yemwe amazindikira dzina ndi phatikizo loyamba.

*Kuopseza mopyola.* Kamantha pang'ono n'kokoma, koma kathe patsamba lotsatira. Magazi, imfa ya kholo ndi chilombo chosagonjetsedwa sizoyenera kabuku komwe kadzawerengedwe mwana akukagona.

*Mwana wotengedwa ndi mlendo.* Ngati ulendo wodabwitsawo ukuyamba ndi mwana kutsatira munthu wosamudziwa kupita kutchire, sinthani. Apite ndi mnzake, achoke pakhomo wina akudziwa, ndipo abwere nyali zisanazimitsidwe.

*Kumasulira nkhani yachingerezi liwu ndi liwu.* Zimamveka msanga mukawerenga mokweza: ziganizo zimatalika, ana amalankhula ngati akuwerenga nyuzi pawailesi, ndipo mwana amaitana agogo ake kuti "iwe". Tsekani buku lachingerezilo, mufotokozere munthu nkhaniyo pakamwa, kenaka mulembe zomwe mwanenazo.

*Kupereka kope lokhalo.* Kabuku kojambula pamanja kakapita kusukulu yamkaka kamabwerako kopanda chikuto, kapena sikabwerako. Pangitsani fotokope musanasoke, ndipo mapepala oyambirirawo muwasunge mu envelopu pamalo pouma, kutali ndi chiswe.